Babu la Kale ndi Mipata ya Lamulo, Monga Zionekera ku Chongoni

Munthu amene adagonapo m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Chongoni m'mwezi wa Juni, pamene mphepo ya mwera iwomba usiku wonse m'matanthwe a Chentcherere ndi a Mphunzi, ndipo nkhungu ikuta mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera, adziwa kuti kuno kwathu kuwala ndi kutentha zidali chinthu chimodzi chiyambire makolo. Akafula amene adalemba zithunzi zofiira m'mapanga a dera lino, ndi Achewa amene adadza pambuyo pawo nalemba zoyera za chinamwali ndi za Nyau, m'malo 127 amene bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, onsewo adali ndi nyali imodzi yokha, ndiyo moto; ndipo moto womwewo udawaunikira, nuwafunditsa, nuwaphikira chakudya, nuingitsa afisi. Pofuna kupita kwa mnansi usiku munthu ankazula udzu patsindwi nayatsa muuni, kapena ankanyamula chikuni akuchigwedeza kuti chisazime. Pambuyo pake kudadza palafini wa m'masitolo, ndi koloboyi wake wa chitini wodetsa mphuno za ana a sukulu, ndi nyali ya galasi ya aphunzitsi ndi akulu a mpingo, ndi nyali yopopa imene inkalira ngati ikupuma m'nyumba za amishoni. Koma zonsezi zidali moto ndithu, ndipo wozizidwa ankatha kuothera zikhatho zake pamwamba pake.

Magetsi adachedwa kufika, ndipo atafika adasankha makomo. Dziko litangolandira ufulu, makina a pa Nkula mumtsinje wa Shire adayamba kugwira ntchito mu 1966 ndi mphamvu ya mamegawati 24, kenaka padatsata Tedzani, ndi Nkula wachiwiri, ndi Kapichira mu 2000. Mawaya adatsata msewu waukulu ndi nyumba za boma. Adalowa ku boma la Dedza, ku sukulu ya zankhalango, ku malo ophunzitsira atsogoleri a mpingo a Sinodi ya Nkhoma pa Chongoni pomwepo, ndi ku misika monga Linthipe, ndipo ngakhale ntchito yofikitsa magetsi kumidzi idayamba mu 1980, midzi yambiri idangoona mapolo akudutsa m'minda mwawo. Mwa iwo amene adalandira, chizindikiro cha ulemu watsopanowo chidali chimodzi: babu lagalasi lolendewera pa waya pakati pa denga, lokhala ndi timapini tiwiri kumutu kwake, limene mwana akalikhudza litayaka kanthawi ankalira.

Kulira kwa mwanayo ndiko gwero la mlandu wonse wa babuli. Joseph Swan ku England ndi Thomas Edison ku America, amene adalikonza kuti ligwire ntchito cha m'ma 1879, sadachite china koma kutsekera moto m'galasi: magetsi adutsa m'kawaya kopyapyala, kamene poyamba kadali ka makala ndipo pambuyo pake ka chitsulo chotchedwa tungsten, kawayako katentha mpaka kuyera, ndipo kuyerako ndiko kuwala kumene tiona. Mwa magawo 100 a mphamvu imene babulo lidya, oposa 90 asanduka kutentha, ndipo otsala ochepawo ndiwo aunikira nyumba. Eni mafakitale adadziwa kufooka kwa katundu wawo, napezamo phindu. Pakuti mu 1924 makampani akuluakulu, pakati pawo Osram ndi Philips, adasonkhana ku Geneva napangana kuti babu lisamakhale kupitirira maola 1,000, kuti ogula azibwerera kusitolo. Kotero chinyengo sichidayambe ndi lamulo loletsa babu. Chidalipo kale m'malonda ake.

Maiko adayamba kuukira babuli pamene mtengo wa mafuta ndi nkhawa ya kusintha kwa nyengo zidakula. Cuba idatsogola cha m'ma 2005, posonkhanitsa mababu akale m'nyumba za anthu ndi kupereka ena osadya magetsi ambiri. Australia idalengeza chiletso chake mu 2007. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya adayenda pang'onopang'ono, kuyambira pa 1 Sepitembala 2009 ndi babu la mawati 100, chaka chotsatira la 75, kenaka la 60, mpaka mu 2012 adatsiriza ndi ang'onoang'ono. Ku America, Pulezidenti George W. Bush adasaina lamulo mu 2007 limene lidayamba kuluma mu 2012. Koma palibe mwa malamulo amenewa limene lidatseka khomo lonse, ndipo sakadatha kutero, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka: muli kababu m'ng'anjo yophikira buledi kamene kayenera kupirira kutentha kumene mababu atsopano sangakupirire, muli kena m'firiji ndi m'makina osokera, alipo ena a m'zipatala, a m'zombo ndi a m'migodi, ndiponso ofiira ofunditsira ziweto. Opanga malamulo adalemba mitundu imeneyi padera kuti isakhudzidwe, ndipo lamulo la ku America lokha lidapatula mitundu yoposa 20. Ine ndiona kuti adachita mwanzeru. Pakuti lamulo limene lithyola mkhate pofuna khoswe silikhalitsa, anthu alida msanga.

Tsono mpata umene mwini dimba asiya mumpanda kuti azilowerapo ndi mtsuko wake, mbuzi nazonso ziuona. Mwa mitundu yopatulidwayo mudali babu lolimba, lopangidwira malo a ntchito kumene makina agwedeza nyumba, limene kawaya kake kagwiridwa ndi tizitsulo tambiri kuti kasaduke. Babu limeneli liwala mocheperapo kuposa lija lidaletsedwa pa magetsi ofanana, ndiye kuti liwononga koposa. Koma popeza lamulo lidalilola, amalonda a ku Ulaya ndi ku America adayamba kuliitanitsa mochuluka, nalemba pa katoni kuti si la m'nyumba, naligulitsa kwa anthu omwe aja amene ankafuna kuliyatsa m'chipinda chochezera. Wogulitsa ankadziwa, wogula ankadziwa, ndipo katoni yokha ndiyo inkakana. Maiko a ku Ulaya adalembanso lamulo lawo mu 2015 kuti atseke mpatawo. Aku America adachita kukokana zaka zambiri, boma lina likutseka mu 2017, lina likutsegula mu 2019, lina likutsekanso mu 2022, kufikira mu Ogasiti 2023 pamene muyeso watsopano udayamba kugwira ntchito m'masitolo onse. Ku Russia nkhani idali yachidule: boma litaletsa mababu a mawati 100 ndi kupitirira apo kuyambira mu Januwale 2011, mafakitale adatulutsa a mawati 95. Ndiponso popeza malamulo ambiri adaletsa kupanga ndi kuitanitsa, osati kugulitsa zimene zidalowa kale, katundu wotchedwa wotsalira adakhala m'mashelefu nthawi yaitali, ndipo ku Germany anthu adagula makatoni mu 2009 nasunga m'nyumba zawo.

Koma nkhani imene iyenera kumvedwa bwino ndi anthu a ku Chongoni ndi ya injiniya wina wa ku Essen, m'dziko la Germany lomwelo, dzina lake Siegfried Rotthäuser. Iyeyu mu 2010 adaitanitsa ku China mababu a mawati 75 ndi 100, nawatcha Heatball, nalengeza kuti sakugulitsa nyali koma timbaula ta magetsi, popeza pafupifupi mphamvu yonse ya chinthucho isanduka kutentha ndipo kuwalako n'kongotsatira. Oyamba 4,000 adatha m'masiku ochepa. Achiwiri 40,000 adagwidwa ndi akuluakulu a kasitomu, ndipo bwalo la milandu la ku Aachen lidagamula kuti babu ndi babu, ngakhale ulipatse dzina lina. Oweruzawo sadalakwe, chifukwa munthuyo ankachita zotsutsa lamulo mwadala, ndipo ogula ake ankafuna kuwerengera nyuzipepala pansi pa kambaula kawoko m'nyumba zofunda kale. Komabe mawu amene iye adanena ku Essen monga chenjerero, kuno ndi choonadi chimene mayi aliyense woweta nkhuku angachichitire umboni, ndipo tidzafikako.

Kumwera kwa Africa kuno chimene chidautsa maboma sichidali kwenikweni nyengo ya dziko lapansi koma mdima wa madzulo alionse. Cha m'ma 2012 makina onse a dziko la Malawi sankafika mamegawati 300, ndipo nthawi yovuta idali ya chisisira, pamene nyumba zonse ziyatsa nyali ndi kuteleka miphika nthawi imodzi. Masamu ake ngosavuta: ukachotsa babu la mawati 60 n'kuikapo lina la mawati 15 lowala chimodzimodzi, wapulumutsa 45, ukatero ndi mababu 1 miliyoni oyaka nthawi imodzi, wapulumutsa mamegawati 45, pafupifupi kawiri mphamvu imene Nkula adayamba nayo, osatseka mtsinje kapena kuthira simenti. Chifukwa chake boma ndi bungwe la ESCOM, mothandizidwa ndi boma la Britain, adabweretsa mababu opotana 2 miliyoni, aja anthu adawazolowera kuti ma energy saver, ndipo ambiri mwa iwo adaperekedwa ulere, anyamata akuyenda khomo ndi khomo, kuzula lakale ndi kulowetsa latsopano. Madzi a m'nyanja ataphwera mu 2016 ndi 2017, ndipo magetsi akuzima maola ochuluka tsiku lililonse, ESCOM idabweretsanso mababu a LED pa mtengo wotsika. Anansi athu adagwira chikwapu: Zambia, itaona damu la Kariba likuphwa, idakhazikitsa lamulo mu 2016 loletsa kupanga ndi kuitanitsa mababu akale kuyambira mu 2017, Zimbabwe idaletsa m'chaka chomwecho cha 2017, ndipo South Africa idatsatira ndi miyeso yake mu 2024.

Lamulo lotere lili ndi mdani wake m'dera ngati lathu, ndiye malire. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Dedza kupita ku Ntcheu adziwa kuti m'malo ambiri tsidya lina la msewu ndi Malawi ndipo tsidya lina ndi Mozambique, kuti anthu a ku Angonia ndi a kuno ndi a mtundu umodzi, akwatirana, aikirana maliro, agulitsana mbatata ndi feteleza, ndipo katoni ya mababu pa njinga siidziwa chipata cha kasitomu. Chimene chitchinga pang'ono si msilikali koma mutu wa babu, popeza nyumba zambiri za kuno zidatengera chizolowezi cha Angerezi cha timapini, pamene tsidya lija adatengera cha Apwitikizi chopotokola. Koma fakitale imene ipanga zonse ziwiri sivutika kudziwa kumene itumize lililonse. Ndipo pano pali mpata waukulu koposa yonse, umene sulembedwa m'lamulo la dziko lililonse: maiko olemera atatseka misika yawo, mafakitale sadagwetse makina awo tsiku lomwelo, koma adatembenuzira katundu wawo ku maiko amene adali asanaletse, kapena amene adaletsa koma alibe maso okwanira pa malire. Mwini golosale pa Linthipe amene alowetsa babu m'kasoketi ka pakauntala kuti wogula aone kuti liyaka asanalipire, sachimwa. Iye agulitsa chimene munthu wa ndalama zochepa angathe kugula lero, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsopano tifike kukhola. M'zaka zapitazi mabanja ambiri a m'misika ya dera lino, aphunzitsi, anamwino, amayi a m'magulu osungitsa ndalama, adayamba kuweta nkhuku zachizungu za nyama ndi za mazira, pogula anapiye a tsiku limodzi m'makatoni oboola. Mwanapiye wotere alibe make womufungatira, ndipo sabata yoyamba afuna kutentha kwa madigiri opitirira 30, pamene usiku wa Juni kuno mame aundana pa udzu wa m'madambo. Mayi amwaza utuchi wa paini pansi, azinga malo ndi makatoni kapena ndi chidutswa cha lata, atchinga zenera ndi thumba, natsitsa babu la mawati 100 mpaka lifike pafupi ndi misana ya anapiye. Safuna chida choyezera kutentha, chifukwa anapiye eni ake amuuza: akaunjikana pansi pa babu akulira mosalekeza, kwazizira, alitsitse, akathawira m'mbali atatsegula milomo, kwatentha, alikweze, akamwazikana akujompha chakudya mwakachetechete, angathe kukagona. Ukachotsa babu limenelo n'kuikapo la LED, khola liwala ngati masana, koma pofika mbandakucha anapiye akwerana pofuna kufunda, ndipo apansi apezeka atafa. Mayi ameneyu akapempha babu lakale kusitolo sakuzembera lamulo monga adachitira ogula a ku Essen. Akugula mbaula ndithu, yotsika mtengo koposa zonse zimene angapeze.

Ndipo akalisowa, kapena magetsi akazima pakati pa usiku, monga adazimira kawirikawiri namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 ndi kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, mayiyo asonkha mbaula ya makala. Makalawo tidziwa kumene achokera. Nkhalango ya Chongoni idatetezedwa ndi boma kuyambira mu 1924, ndipo ndiyo idasunga mapanga a zithunzi aja ku dzuwa, ku mvula ndi ku manja a anthu. Koma masuku ndi mitengo ina yachilengedwe yakhala ikutha m'mbali mwake, ndipo matumba a makala aima m'mphepete mwa msewu kudikira magalimoto a ku Lilongwe. Utsi wa mbaula m'khola lotsekedwa upha anapiye ndipo ungaphe ndi mwini wake, ndipo khala limodzi logwera pa utuchi litentha khola lonse. Kotero lamulo lolembedwa ndi cholinga chabwino chosunga chilengedwe, likapanda kuona khola la nkhuku, lingathe kupulumutsa magetsi ochepa ku Nkula ndi kugwetsa mtengo ku Chongoni. Ichi ndicho chifukwa chake ndinena kuti kupatula sikuli koipa mwa iko kokha, ndipo amene afuula kuti mipata yonse itsekedwe sadalowepo m'khola usiku wa Juni. Chofunika n'kusiyanitsa mpata wa wosowa ndi mpata wa wochenjera, ndipo njira yake ilipo: babu lofiira lofunditsira ziweto, limene palibe munthu angaliyatse m'chipinda chochezera, lipezeke m'masitolo a zaulimi pamodzi ndi chakudya cha nkhuku ndi katemera wa chitopa, lisakhomeredwe msonkho wolemera, ndipo alangizi a ziweto aliphunzitse, pamenepo babu loyera lakale lingathe kuletsedwa popanda wolira.

Kunena zoona, chimene chidachotsa babu lakale m'nyumba zambiri za kuno si wapolisi kapena woweruza, koma mita yolipiriratu. Pamene bilu inkabwera kumapeto kwa mwezi, munthu sankadziwa chimene chidadya ndalama zake. Koma tsopano agula mayunitsi pa foni, naona manambala akutsika pa khoma, ndipo mwana wa sitandade 6 angathe kumuwerengera kuti babu la mawati 100 loyaka maola 10 lidya yunitsi yathunthu, pamene la LED lowala mofanana lifuna masiku angapo kuti lidye yomweyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mtengo wa LED utatsika, anthu adasintha okha, ndipo dandaulo lawo lero lili pa mababu achinyengo amene alembedwa zaka zambiri pa katoni koma athima mwezi usanathe, amene bungwe loona za miyeso ya katundu liyenera kuwalondola ndi khama loposa limene lingataye pa babu lakale.

Tisaiwalenso kuti ambiri mwa anthu a m'tsinde mwa phirili nkhani yonseyi idawadutsa pamwamba, monga mawaya omwe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba zounikira ndi magetsi m'dziko lonse zidali pafupifupi 11 mwa 100, ndipo zoposa theka zinkaunikira ndi matochi a mabatire. Anthu amenewa sadakhalepo ndi babu lakale kuti alandidwe. Adachoka pa koloboyi nafika pa LED ya m'tochi ya ku China ndi ya kasola ka padenga, osadutsa m'nyengo ya Edison konse, ndipo mababu aulere a 2012 sadawafike chifukwa adalibe poti awalowetse. Ngakhale malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene adatsegulidwa ku Golomoti mu 2022, m'boma lomwe lino la Dedza kunsi kwa mapiri, atumiza mphamvu yake m'mawaya a dziko lonse, ndipo mudzi wopanda polo suilawa.

Babu lopotana lija, limene lidalandiridwa ngati mpulumutsi, nalonso tsiku lake lidafika. M'kati mwake muli kadontho ka mercury, chiphe chimene chiwononga ubongo ndi impso, ndipo likasweka m'nyumba kapena kudzala, chiphecho chilowa mumpweya ndi m'nthaka. Ulendo uno maiko a mu Africa ndiwo adapereka pempho ku msonkhano wa pangano la Minamata, ndipo ku Bali mu 2022 kudagwirizanidwa kuti mababu opotana a m'nyumba asiye kupangidwa ndi kugulitsidwa pakati pa maiko pofika 2025, ndipo ku Geneva mu 2023 adaonjezapo machubu aatali aja a m'makalasi ndi m'zipatala, kuti athe pofika 2027. Panganolo linena za kupanga ndi kuitanitsa. Za mamiliyoni amene adalowa kale, amene ena akali kuyaka m'makhonde a ku Dedza ndipo ena adatayidwa m'zimbudzi ndi m'maenje a zinyalala pafupi ndi madimba a kabichi ndi mbatata m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, ntchito yowasonkhanitsa yatsalira makhonsolo ndi mafumu athu.